Zenera la ku Mabvuku

Tsiku limene ndinaswa zenera la tchalitchi
ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Legeni inalinga njiwa,
mwala unasankha phewa la Petulo Woyera.
Akatekisiti anandikoka khutu mpaka ku shedi kwanu,
a Yotamu Kalilangwe,
ine ndikudikira mkwapulo.
Munandipatsa tsache.
"Kasese, koma usataye.
Zofiira m'chitini ichi, zamtambo umu."

Ndinasesa zaka zisanu ndi zinayi.

Mabvuku yense ankakutchulani Achimwene,
ena mwaulemu, ena mokuseka lilime,
poti Chishona chanu chinkayenda motsimphina
ngati njinga yanu yopanda mabuleki.
Munabwera ku Harare pamsana pa mayi anu,
kwawo kwa bambo simunakuonenso,
koma pa zenera lililonse, pakona pansi,
mumabisapo kaphiri ka Dedza
kakang'ono ngati chikhadabo.
Ansembe sanadziwe. Ife tinkadziwa.

Zala zanu zinali mapu a mabala.
Mtovu unakudetsani m'mizere ya chikhatho
mwakuti sopo anagonja kalekale.
Mumati galasi silidulidwa, limapemphedwa:
ulembe kamzere kamodzi, osabwereza,
umve likulira ngati nkhululu,
kenako gogoda kunsi, pang'ono,
thee!
lavomera.
Ndinaswa ambiri ndisanamve kulirako.
Simunakalipe. Mumangodula mtengo wake
pa ndalama yanga ya mabanzi.

Loweruka shedi inkadzaza.
Tapfumaneyi, amene ankanunkhiza guluu ku Mbare,
Rudairo ndi khanda lake kumbuyo,
mapasa a kwa Mai Gwenzi osamva kamodzi.
Panalibe ulaliki.
Tiyi wa m'botolo la jamu, wailesi yakufa mbali imodzi,
ndi inu kung'ung'udza pa chingwe cha magetsi.
Magetsi akathima
mumaika chitsulo chowotcherera pa mbaula
n'kunena kuti dzuwa lokha
ndiye silinatumizepo bilu.

Chaka chija ndalama inasanduka masamba,
matchalitchi analeka kuitanitsa angelo.
Tinkatola mabotolo ku Msasa,
a mowa, a mankhwala, magalasi a kombi zogundana,
n'kupanga nyali zogulitsa kwa azungu a ku Avondale.
Tsiku lina munagulitsa jekete.
Munati kwatentha.
Munali mwezi wa Juni.

Sindikufuna kukuyeretsani.
Mumasunga mkwiyo ngati misomali yakale.
Mwana wanu Sitefano atapita ku Joni osatsanzika
simunatchulenso dzina lake zaka khumi,
ife ana a eni mukutiphunzitsa kugwira mpeni mofatsa.
Ndinamuona ku manda a ku Mbudzi,
ataima patali, chipewa m'manja,
mphuno yanu yomweyo.

Maso atayamba kuchita nkhungu
mumakweza chidutswa n'kundifunsa,
"Ichi n'chobiriwira?"
Poyamba ndinkanama kuti mwalondola.
Munandigwira.
"Usandinamize pa mtundu, mwana iwe.
Ndinamize pa zina."

Zenera lomaliza munalisiya pa tebulo,
msodzi alibe dzanja lamanja,
ukonde uli theka.
Ndalimaliza Lachitatu.
Dzanjalo ndajambula lanu, ndi chipsera cha pa chala chachikulu,
ndipo pakona pansi ndaikapo kaphiri,
ngakhale Dedza sindinamuonepo.
Mwina kapendekeka.

Lero m'mawa, misa isanayambe,
ndinakhala pa benchi lachitatu.
Dzuwa linatulukira cha ku Ruwa,
linalowa pa phewa la Petulo,
pa chigamba chija tinasoka awiri,
chofiira mopitirira pang'ono chinzake,
n'kugwera pansi pa simenti.
Kamtsikana kena kanathawa mayi ake,
kanaponda m'kuwalako,
kanayang'ana mapazi ake atafiira,
kanaseka.

Kunja, kuseri kwa mpanda,
mnyamata wina akuzungulira ndi legeni m'thumba.
Tsache lija ndikadali nalo.