Mfundo za Ukonde

Lachinayi, mvula ya ku Grimsby ikuwaza cham'mbali,
ndikukankha njinga ya a Desmond Thurlby
kupita kuholo ya tchalitchi kokaponya voti.

Anali msodzi zaka makumi anayi.
Zala zawo zinapindika ndi madzi ozizira,
mabatani a malaya ndimawamangira ndine.

"Ochulukafe tanena," akutero m'njira,
"oweruza atseke pakamwa.
Anawasankha ndani a mawigi amenewa?
Tikati munthu akwere ndege, akwere basi."
Kenako akucheuka, khosi likulira ngati chitseko:
"Osati iwe, Esinati. Iwe ndiwe wathu."

Ndikuseka ndi mano okha.

Kwathu ndinawaonapo ochuluka atanena.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
galimoto inaima pakhomo usiku osazimitsa injini,
bambo anatuluka ndi nsapato imodzi.
Panalibe woti afunse kuti mlandu wake n'chiyani.
M'mawa anthu anavina pabwalo la mpira,
ndipo analidi ochuluka.

Kuno amati malamulo aakulu a dziko
sanawasonkhanitse m'buku limodzi.
Ena ali m'mapepala akale, ena m'chizolowezi chabe,
m'manyazi a wopambana
amene akanatha kukokolola zonse koma wasiyako.
Nanga manyaziwo akadzatha?

Chaka chatha khonsolo inati itseke nyumba yathu ya okalamba,
mavoti asanu ndi anayi kwa awiri.
Anailetsa ndi mayi wina wa wigi kukhoti.
A Desmond analira, ndinawapukuta ndi thaulo.
Lero sindiwakumbutsa.

Ndangowafunsa za ukonde,
nkhani imene saitopa nayo.
"Ukonde ndi mabowo okhaokha," akutero,
"chimaugwira ndi mfundo.
Ukadula imodzi poti yakukola chala
suona kanthu tsiku limenelo.
Umadzaona uli pakati pa nyanja."

Tafika.
Pensulo aimanga ndi kachingwe ngati mbuzi.
Ndikuwaimika pakatebulo kobisika, ine n'kufulatira,
pakuti chinsinsi chawo n'chawo.
Ndikumva pensulo ikukanda pepala,
mizere iwiri yopingasa,
dzanja likunjenjemera.

Tsopano ndi nthawi yanga.
Mtsikana wa pakaundula akuvutika ndi dzina la bambo anga,
akulitchula kawiri, kenako walipeza.
Lilipo.

A Desmond andisungira ambulera pamiyendo,
ikudonthera nsapato zawo,
ndipo sakudandaula.