Madzi Anatsuka Zenizeni

Paipi ya makina ochapira inaphulika Lachiwiri
ife tili ku Kajaani, kumaliro a mlamu.
Masiku atatu madzi anayenda okha m'nyumba yathu ya ku Oulu
mpaka anapeza chipinda cha sauna
momwe ndimatsukira zithunzi poti mulibe windo.

Pansi pa benchi panali makatoni asanu a nsapato,
manegetivu a zaka makumi atatu ndi zinayi.

Aulikki anaima pakhomo, masokosi atanyowa.
Ndi iye anandiuza kalekale, "Kweza zinthuzi pamwamba."
Sanandikumbutse.
Bola akanakalipa.

Ndinatenga mzere woyamba kupita nawo pa windo la kukhitchini,
kuwala kwa Januwale kuli kochepa ngati kobwereka.
Khungu la filimu linasendeka m'manja mwanga,
loterera ngati ndere,
ndipo m'nderemo munali Aarre, mng'ono wanga,
tsiku lomwe ankakwera basi yopita ku Sweden.
Nkhope yake inatsalira pa chala changa chachikulu.
Ndinayang'ana mpopi nthawi yaitali.
Kenako ndinapukutira pa buluku.

Timati kutsuka zithunzi.
Madzi anamva mawuwo, natsuka zenizeni.

Sikuti n'koyamba.
Pa ukwati wa mwana wa Reijo ndinasokoneza mabotolo mumdima,
ndinayambira mankhwala omalizira.
Filimu inatuluka mbee ngati galasi:
mkwatibwi, keke, apongozi ovina, onse kulibe.
Ndinakapepesa chipewa chili m'manja.
Banjalo litatha patapita zaka zinayi
Reijo anandigulira khofi nati, "Kamera yako inadziwiratu."

Tuovi naye, ali ndi zaka zisanu,
anakankha chitseko kudzandionetsa dzino lomwe linaguluka.
Kuwala kunalowa naye limodzi
n'kumeza chilimwe chonse, zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Za chilimwecho sindikumbuka kanthu.
Dzinolo ndimaliona mpaka lero,
kamagazi kunsonga, pachikhatho chonyowa.

Koma zimenezo zinali filimu imodzi imodzi.

Sabata yonse ndakhala ndikuviika mizere yomatirira
m'beseni la madzi ozizira,
kuilekanitsa pang'onopang'ono, osapuma mokweza.
Ndayanika zopulumuka pa chingwe ndi mapegi a zovala.
Mwa zitatu zilizonse, mwina chimodzi.
Zina zamera nkhungu yooneka ngati mapu a dziko losadziwika.
Chimodzi ndachitsuka dzulo:
mayi ake a Aulikki pa msika wa nsomba,
theka la nkhope ladyedwa, dzanja lili bwinobwino,
likuloza mtengo womwe ankaukana.
Aulikki anati, "Ndi iwowo," n'kukachimata pa firiji.

Zotayikazo tazipezera kope.
Madzulo ndimawerenga deti pa kathumba kopanda kanthu,
iye amalemba zomwe zinalimo.
Timakangana.
Akuti chikhoti cha Tuovi chinali chobiriwira.
Ndikuti filimu inali yakuda ndi yoyera, wadziwa bwanji?
Akuti anasoka yekha.
Ndimangoti lemba.

Titafika pa kathumba ka Aarre, tonse tinakhala chete.
Sindinkadziwa ngati anamwetulira,
ngati chikwama chinali kumanja kapena kumanzere.
Ndinali kuseri kwa kamera,
ndinasiyira filimu ntchito yokumbukira.

Patha zaka zisanu ndi chimodzi tisakulankhulana,
nkhani ya nyumba ya bambo, yosayenera kuilemba.
Nambala yake ya ku Luleå inali ikadali m'buku.

Foni inaitana kasanu ndi kawiri.
Sindinapereke moni.
Ndinati, "Unavala chiyani tsiku lija pa basi?"

Anatsokomola. Ndinamva wailesi ikuzimitsidwa.
"Jekete lako," anatero,
"lija sindinabweze."

Aulikki analemba.
M'mawa mwake ndinakhoma shelefu,
pamwamba, pafupi ndi denga.