Uthenga wa Lachiwiri

Dzina langa mulibe m'buku la malipiro.
Kampani ili ku Santa Cruz, kotentha, komwe sindinapondeko.
Ine ndili kuno ku El Alto,
komwe madzi a m'ndowa amagona amadzi n'kudzuka ali mwala.
Chotilumikiza ndi foni yong'aluka pakona
ndi kabuku ka mitengo kosintha mtundu ngati bilimankhwe.

A mu ofesi amamvera nkhani pakhonde,
kapu ya khofi ili m'manja, wina akunong'oneza mnzake.
Ine khonde ndilibe.
Nkhani ikandiphonya, yandiphonya basi.

Chaka chatha, mu Juni,
ndinakhala masiku anayi wopanda mayunitsi.
Mafuta odzola a botolo lobiriwira anakwera
ndi maboliviano asanu ndi awiri, ine osadziwa.
Ndinagulitsa mabotolo makumi atatu pa mtengo wakale,
mano pamtunda, ndikuwerengera phindu m'mutu,
ndikusankhiratu nsapato za mwana wanga pawindo la sitolo.
Mwezi utatha ndipamene ndinaona
kuti ndinkatungira madzi m'dengu.
Mayi Eulalia Tarqui, otiyang'anira, anangoti,
"Tinatumiza Lachiwiri. Sunaone?"
Sindinaone.
Safunsa anadya phula; sawerenga anadya ngongole.

Tsopano ndimawerenga.
M'mamawa, m'kabokosi kolendewera pachingwe
kotsetserekera ku La Paz,
chikwama cha mabotolo chili pakati pa miyendo,
madenga a malata akudutsa pansi panga,
chala chozizira chikukwera ndi kutsika pagalasi.
Zambiri ndi mankhusu:
mabwana akudula keke,
"Banja lathu likukula!"
mpikisano wopita kunyanja umene sindidzapambana.
Koma ndimapeta mpaka pansi,
poti njere amaibisa m'timalemba ting'onoting'ono
pamene diso latopa kale.

Lachiwiri lapitali inali pomwepo,
kunsi kwa chithunzi cha keke ina:
"Mafuta a makanda, nambala 4417, abwezedwe.
Ena akutulutsa zidzolo."
Mizere iwiri yokha. Keke inatenga tsamba lonse.

Ndinatsegula kope langa lamafutamafuta.
Awiri. Ndinagulitsa awiri.

Ndinatsika pa siteshoni yapakati,
n'kukweranso chobwerera, mtima uli m'khosi.
Basilia ndinam'peza pamsika, pakati pa mipukutu ya ubweya,
Wilmer wa miyezi inayi ali mtulo kumsana.
"Wabwera kudzalonjerera ngongole? Lero si Loweruka."
"Ayi. Botolo lija."
Anapisa m'thumba la epuloni, nalitulutsa,
pulasitiki ikadali pachivindikiro.
Ankasungira tsiku la ubatizo.
Ndinakhala pansi pa thumba la ubweya
mpaka mawondo atasiya kunjenjemera.
Iye anandigulira tiyi wa masamba a koka
osafunsa kanthu.

Lachiwirilo ndiye vuto.
M'kope mwanga ndinangolemba kuti:
"bambo wa chipewa chofiirira, pokwerera minibasi, walipira zonse."
Dzina palibe. Nambala palibe.
Wolipira zonse sitim'funsa dzina.

Ndalembera Mayi Tarqui. Ayankha ndi chala chachikulu.
Ndalembera ku Santa Cruz. Makina andithokoza
chifukwa chokhala mbali ya banja.

Choncho madzulo aliwonse, ola limodzi,
ndimaima pomwe ndinaima tsiku lija,
mphepo ya kuphiri ikundiboola juzi,
botolo latsopano lili m'thumba, laulere,
lotuluka m'phindu langa.
Zipewa zofiirira mumzinda muno ndi zambiri
kuposa mmene ndinkaganizira.
Ndimayang'ana nkhope, kenako foni, kenako nkhope.

Dzulo kwabwera uthenga wina:
milomo yofiira ili pa theka la mtengo mpaka Lamlungu.
Ndauwerenga wonse,
mpaka kadontho komaliza.