Mabotolo Awiri

Chikole ndinalipira Lachiwiri
pa kashopu ka foni ku Chilenje.
Mtsikana wa pazenera anawerenga kawiri:
"Zonsezi, bambo, n'za bwato?"
Ndinati inde, tsiku limodzi lokha,
kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litapendeka.
Anadina batani,
ndalama zanga n'kufika kunyanja ine ndidakali pamzere.

Mwini bwato ndi Momade, wa ku Vilankulo.
Sindinamuonepo. Ndimangodziwa mawu ake,
osasa, odukaduka, mphepo ikuwalanda pa foni,
ndipo kumbuyo kwake kumamveka chinthu chikupuma
ngati ng'ombe yaikulu yogona.
Ndinafunsa kuti n'chiyani chimenecho.
Anati, "Ndi yomweyo mukuibwererayo."

Mafunso ake amaposa a ku ofesi ya pasipoti.
Mumasambira?
Pang'ono, mu Luangwa, ndili mnyamata.
Mumasanza pa mafunde?
Ndingadziwe bwanji, ine wa mu Lusaka,
kumene funde timaliona mvula ikadzaza ku Kanyama
minibasi n'kudutsa mothamanga?
Muli angati?

Apa foni inalemera.

Yelesani ndiye anang'amba tsamba la kalendala,
nsomba ya mphuno ngati mkondo ikudumpha,
n'kulimata pa chitseko cha galaja.
Zaka khumi ndi zinayi girisi akulidetsa,
ife pansi pa magalimoto a eni ake
tikuti, tikadzapuma, tikadzapuma.
Mnzangayo anapuma mu Epulo. Ali ku Chingwere.

"Mmodzi," ndinatero.
Mtengo sunatsike.

Ku Kamwala ndagula chipewa cha chingwe pachibwano,
magalasi akuda, nsapato zosaterereka,
ndi mafuta oteteza khungu, ine wakuda bii,
poti Momade akuti kumeneko dzuwa limamenya kawiri,
lina kuchokera kumwamba, lina kuchokera m'madzi.
Mapiritsi a chizungulire ndawakulunga m'sokosi.
Akuti limodzi usiku, lina m'mawa,
ndipo zikavuta ndiyang'ane kutali,
kumene thambo lasokedwa ndi madzi.

Madzulo ndimayeserera pabwalo.
Ndodo yobwereka, nati wa tayala kunsonga kwa chingwe.
Dzana ndinakola shati ya aneba pa waya,
dzulo mapeyala awiri osakhwima.
Mayi a kunyumba, a Tisauke, ali pakhonde
manja m'chiuno:
"Kapenta wadzaza ku Soweto.
Masiku atatu pa basi, malire awiri,
kukasaka ndiwo?"
Sindinawauze zimene Momade ananena,
kuti zikuluzikuluzo timangolimbana nazo,
kuzijambula, kuzisisita pamsana,
n'kuzibwezera kwawo.
Angaitane abusa.

Usiku wa lero magetsi athima msanga.
Ndikulongedza ndi kuwala kwa foni,
ndipo pomwepo uthenga walowa:
mphepo ya kummwera ikhoza kudzuka Loweruka,
ikadzuka sitituluka.
Ndafunsa za chikole changa.
Wayankha kuti tsiku adzandisinthira,
koma nyanja sisaina pepala la munthu.

Pansi pa chikwama ndapeza botolo lopanda kanthu.
Sekelani, mdzukulu wanga wa giredi folo,
walembapo dzina lake ndi bolopeni.
Akufuna alawe yekha,
aone ngati aphunzitsi sakunama za mcherewo.
Ndalitembenuza m'manja kanthawi.
Kenako ndapita kukhitchini, mumdima,
ndakhuthula madzi akumwa m'botolo lina,
ndalipukuta ndi malaya.
Ili sindilemba dzina.
Ndikudziwa mulu wa dothi lofiira
umene udzalimwe.

Basi inyamuka folo koloko ku Intercity.
A Tisauke akuti sadzuka,
koma ndamva mazira akuwira pa mbaula.
Ndatuluka panja.
Mphepo ya Ogasiti ikukokolola mapepala mumsewu,
agalu a ku Kabwata akuyankhana.
Ndanyambita milomo.
Fumbi lokhalokha, pakadali pano.