Loweruka ku Potosí

Loweruka masana, m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi,
ana khumi ndi anayi anapanikizana pa mabenchi awiri,
majuzi mpaka m'khosi, masaya ong'aluka ndi chisanu.
Pawindo phiri linali kutiyang'ana,
lofiira, lobookabooka ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe.

Ndinalemba pa bolodi:
Mulungu anadzakhala munthu.
Choko chinathyokera pa mawu omalizawo.
Anabwereza pambuyo panga katatu, mokweza,
monga amachitira ndi masamu a kusukulu,
maso onse ali pa mpira
umene Wilber anaupondereza pansi pa benchi.

Ndinali nditakonzekera usiku wonse.
Ndinabwera ndi mawu aataliatali
ochokera m'makope akale a mkulu wanga wansembe.
Ndinabwera ndi kadontho ka madzi kogwera mu vinyo pa Misa.
Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma.
Wina anayasamula, mnzake namutsatira.

Kenaka Nayra, wamng'ono pa onse,
amene chaka chonse sindinamvepo mawu ake,
anakweza dzanja mpaka pa khutu pokha.
"Aphunzitsi, ankatsokomola?"
"Ndani?"
"Yesuyo. Ankatsokomola usiku ngati bambo anga?"

Anzake anaseka.
Ndinafuna kunena kuti zimenezo sizinalembedwe,
koma ndimawadziwa bambo ake, a Fermín.
Zaka makumi awiri akulowa m'phiri mbandakucha,
nyali pachipumi, masamba a koka kutsaya.
Lero masitepe asanu a pakhomo la tchalitchi
amawakwera mopumira kawiri.

"Anali ndi mapapo," ndinatero,
ndipo ndinadzimva ndekha ngati ndikuzimva koyamba.
"Enieni?"
"Enieni. Utuchi wa matabwa a Yosefe unkalowamo.
Fumbi la pamsewu linkalowamo.
Ankamva kuzizira, mamina nkumatuluka,
mayi ake nkumamupukuta ndi nsonga ya nsalu."

Mpira unagubuduka wokha kuchoka pansi pa benchi.
Wilber sanautsatire.
"Ndiye kuti analowa," anatero.
"Analowa kuti?"
"Mu mgodi.
Bwana amene amagula miyala kwa amalume
sanalowemo chibadwire.
Amaima panja ndi sikelo, nsapato zili mbee.
Akafuna kunena kanthu kwa am'kati, amatuma munthu.
Koma uyu mukunenayu anavala chisoti,
anawerama pakhomo,
analowa."

Tonse tinangoti zii.
Panja galimoto la miyala linkatsika pang'onopang'ono,
mabuleki akulira.
Ndinayang'ana makope a mkulu wanga pa tebulo
ndipo ndinawatseka.

"Anatuluka?" anafunsa Nayra.
Limenelo ndi funso la pa Pasaka,
ndipo ife tinali titangoyatsa kandulo yachiwiri ya Adiventi.
Koma mwana amene bambo ake amalowa m'phiri
sungamuuze kuti adikire miyezi inayi.
"Anatuluka," ndinatero.
"Koma anayamba watsika kaye mpaka pansi penipeni,
kumene nyali imazima,
kumene ukaitana palibe woyankha."
Anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu
amene wauzidwa mtengo wa chinthu, nauvomera.

Belu linalira. Anathamangira panja,
mpira unamenya chitseko cha sakristiya,
sisitere Hilaria anakalipa ali m'khitchini.
Khola la Khirisimasi sitinalimange tsiku limenelo,
dongo linauma m'ndowa.
Pa mayeso a sabata yotsatira
asanu analephera kulemba mawu aatali aja.

Madzulo ake, popita kwathu, ndinadzera njira ya kumtunda.
Nyumba yachitatu kuchokera pa mpope, ya chitseko cha buluu,
ndinamva chifuwa cha a Fermín chikudutsa khoma,
chouma, chotalika, chikuima, chikuyambanso.
Mphepo inali kuluma makutu.
Ndinapezeka nditavula chipewa,
monga ndimachitira polowa m'tchalitchi,
ndipo galu wa pakhomopo anandiuwa
mpaka ndinachoka.