Mwala wa M'malire

Salimo la Otari, mlimi wa mphesa ku Kakheti

Ambuye, ndabwera ndi dothi m'zikhadabo.
Sindinasambe. Ndikanabisiranji?
Mukudziwa kumene manja awa anali
usiku uja wa maliro a Vazha:
anthu akulira m'nyumba, makandulo akuyaka,
ine ndili panja ndi chitsulo chofukulira,
ndikugubuduza mwala wa m'malire
mapazi asanu ndi awiri kulowa m'munda wa wamasiye.

Mizere itatu ya mphesa. Itatu yokha.
Ndinadziuza kuti itatu n'chiyani,
kuti makolo awo nawonso anatibera kalekale,
kuti mkazi yekha sangathe kudulira munda wonsewo.
Bodza likagona m'nyumba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
limakhala ndi mpando wakewake patebulo,
ndipo ana amalipatsa moni.

Madzi a mphesa zimenezo ndinawakwirira mumtsuko pansi pa nthaka
monga timachitira kuno,
ndipo vinyo anatuluka wokoma, Ambuye. Ndicho chondiwawa.
Akanawawasa ndikanati mwandilanga, tathana.
Ndinamwetsa alendo pa ukwati wa mwana wanga.
Ndinaimirira, nyanga yomwera ili m'manja,
ndinatchula dzina lanu,
ndinatchulanso Vazha, kuti awuse mumtendere.
Amuna anagwedeza mitu, ena anapukuta misozi.
Ine ndinakasanzira kuseri kwa khola.

Lero mphepo yatsika kumapiri a Kaukasi ndi mano ake onse,
mtsinje wa Alazani wabisala mu nkhungu,
ndi sabata lachinayi la kusala kudya.
Ndinaima pamzere m'tchalitchi chamiyala,
mawondo akugundana, osati ndi chisanu chokha.
Bambo Ilarioni akalamba, khutu limodzi linagontha,
choncho tchimo limene ndinakonza kunong'ona
ndinachita kulinena kawiri, mokweza,
mpaka mayi wogulitsa makandulo anacheuka.
Ndikukaikira kuti zimenezo munakonza ndinu.

Anandifunditsa kumutu nsalu yawo ya m'khosi,
yonunkhira lubani ndi phula lakale.
Mumdima umenewo ndinadikira mphezi.
Kunabwera dzanja lopepuka, lonjenjemera,
likulemba mtanda paliwombo panga.
Wakhululukidwa, anatero.
Kenaka, ngati akufunsa za nyengo:
Chitsulo chija udakali nacho?

Mwalawo wamera ndere, wazolowera pamalo pabodza.
Walemera kuposa kale,
kapena ndi msana wanga umene wachepa.
Ndinalimbana nawo kuyambira masana,
chikhatho chinang'ambika, ndinatukwana kamodzi,
mundikhululukirenso pamenepo.
Tsiuri anatuluka atafunda mpango wake wakuda,
anaima pakati pa mizere, manja m'khwapa, osanena kanthu.
Nditaukhazika pansi ndi kupuma, ndipo anayankhula:
Si pamenepo, Otari.
Sunthira pang'ono, kufupi ndi chitsa cha mtedza.
Ndinakuona pawindo usiku ujatu.

Anandiona, Ambuye.
Zaka zonsezi amandiyankha moni pachipata,
mkazi wanga atadwala anabweretsa buledi wotentha,
pa ukwati uja anakhala kumapeto kwa tebulo
akumwa vinyo wake yemwe, m'kapu yanga,
ine ndikumuuza kuti awonjezere.

Sindinamufunse chifukwa chimene anakhalira chete.
Ndinaopa kuti ayankha monga mungayankhire Inu.

Tsono ndi izi, Mwini minda yonse:
mizere itatu ndabweza.
Zokolola khumi ndi zisanu ndi zinayi sindingabweze,
zinamwedwa, zinaimbidwa nyimbo, zinatha.
Ngongole imeneyo ndaitula pakhomo panu
chifukwa kwina kulibe koitula.
Musandichotsere manyazi onse lero,
ndisiyireni pang'ono, ngati kamwala m'nsapato,
kuti ndiziyenda mokumbukira.
Koma tulo ndibwezereni. Ndatisowa.

Mawa kukacha ndinola mpeni.
Mphesa zake zachedwa kudulira,
ndipo wati ndikhoza kubwera,
bola ndisayankhule zambiri.