Mphindi Makumi Asanu

Bambo wa chikwama chamatayala uja
ndinamunyamula ku Katoto, mvula ikuwaza,
chikwama pamiyendo, foni kukhutu:
"Tinyamuka teni koloko,
isanakwane leveni ndili pa Lumbadzi."
Ine ndikupalasa, tcheni chikulira,
ndinafunsa: Bwana, leveni ya lero lomwe?
Anaseka mpaka njinga inapepeluka.
"Mphindi makumi asanu, achimwene.
Kumwambaku kulibe maenje, kulibe makona.
Mtunda wake uli ngati chingwe chokungidwa."

Ndinamutsitsa pageti la bwalo la ndege.
Chenji sanadikire.
Ndinatsamiritsa njinga kuwaya wa mpanda,
zala ndinakoleka m'mabowo mwake.

Chaka chatha, mwezi wa Juni,
mlamu wanga Nyachirwa anaimba m'mbandakucha:
"Suzgo akungokutchulani. Akuti mubwere ndi nthochi."
Sikisi koloko ndinali m'basi padepoti,
nthochi za ku Mpamba m'jumbo yabuluu.
Basi inadzaza naini.
Ku Chikangawa chifunga chinatseka msewu,
dalaivala mutu kunja kwa windo,
kumayenda ngati akufunafuna singano.
Pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse
chifukwa cha katoni imodzi yopanda mwini.
Titangodutsa Nkhamenya, tayala: phuu!
Sipeya anali wopanda mpweya.
Tinatola miyala, tinatchinga mateyala ena,
tinakhala pa udzu kudikira mnyamata
amene anapita ndi lole kukafuna pampu.
Foni yanga inathera moto pomwepo.

Ndinalowa m'wodi ku Sentilo pakati pa usiku.
Pabedi nambala leveni panagona munthu wina,
wamtali, wa ndevu, akupuma bwinobwino.
Namwino anayang'ana jumbo, osati nkhope yanga.
"Cha m'ma folo koloko," anatero.
Folo koloko ine ndinali nditanyamula mwala.

Kandege kaja kanathamanga pang'ono chabe,
kufupikira kuposa kuchoka pano kukafika pamsika,
kenako kanasiya nthaka osatsanzika,
kanadutsa pamwamba pa malata a dzimbiri a ku Chibavi,
ana a sukulu akukakuwira.
Ndinayang'ana nthawi pafoni.

Ndinapeza mayi wa nkhuku zitatu wopita ku Luwinga.
Ndinabwerera ndi mnyamata wonyamula batire.
Pokwera kachitunda ka ku Zolozolo
chubu chakumbuyo chinayamba kufwetsa.
Ndili chinjutire pansi pa mtengo kwa Mapopa womata,
chubu m'beseni, tikusaka pomwe pakutuluka thovu,
ndinayang'ananso foni.
Zakwana.
Bambo uja akutsika masitepe tsopano,
malaya ake mwina sanaume n'komwe
mvula ija ya ku Katoto.

Suzgo, mng'ono wanga,
mtunda ndi womwewo, sunasunthe,
koma ena amaugula wofupika.
Nthochi zija ndinabwerera nazo m'galimoto ya maliro.
Zinapsa m'njira. Ana anadya pa Ekwendeni.

Mapopa akuti, "Mabowo ndi awiri, m'dala.
Timate onse?"